Nkhani ya anamapopa tiilembe tokha

Abale anga a ku Mulanje ndi ku Thyolo, pali nkhani imene timaizemba tikakhala pagulu, ndipo ine kuizembako kwandikwana. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 tinapha anthu. Sindikunena boma kapena azungu ayi, ndikunena ife. Mphekesera ya anamapopa itabuka, imene ambiri ankati yachokera ku Mozambique, anyamata anatchinga misewu ndi miyala, nkumaimitsa galimoto ndi kufunsa aliyense wachilendo kuti wadzatani. Anthu osachepera 8 anaphedwa m'chigawo chakumwera. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ndi zipangizo zawo, mpaka Pulezidenti Peter Mutharika anachita kubwera kudzalankhula ndi anthu. Sikanali koyambanso: chakumapeto kwa 2002 mphekesera yomweyi inazunguza maboma omwewa.

Zitazizira, tinangoti zii. Analemba ndi anyuzipepala akunja, amene anatijambula ngati anthu aumbuli, ndi mabungwe, amene malipoti awo a m'Chingerezi ali m'makabati ku Lilongwe. Ife eni ake sitinadzifunse kuti zinatheka bwanji kuti munthu wopemphera Lamulungu atole mwala Lolemba.

Ine sindivomereza kuti unali umbuli chabe. Agogo athu ambiri anachokera kutsidya, cha ku phiri la Namuli, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900, kuthawa njala ndi ntchito yakalavula gaga ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo ali kale m'manja mwa azungu, ndipo kuti munthu amange kanyumba ankalipira ndi thukuta lake. Ndiyo thangata ija, imene inali pakati pa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje cha m'ma 1890, ndipo mpaka lero nthaka yabwino ili pansi pa tiyi pamene ife tikulima m'mapiri motsetsereka. Munthu wokulira m'mbiri yotere ukamuuza kuti kuli anthu oyenda usiku kudzapopa magazi a osauka nkukagulitsa kwa olemera, sachedwa kukhulupirira, chifukwa mumtima mwake akudziwa kale kuti pali wina amene wakhala akumudyera masuku pamutu. Sindikuikira kumbuyo aliyense, popeza amene anaphedwawo analinso anthu wamba ngati ife tomwe. Ndikungoti nthendayi ili ndi mizu, ndipo chikwangwani cholembedwa kuti "tisunge mtendere" sichingaizule.

Chimene chimandipweteka kwambiri nchakuti mitundu yomweyi inadziwapo kulandira alendo kuposa ena onse. Nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, Malawi inasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Ambiri anaolokera pa Muloza kuchokera ku Milange, ndipo si onse anapita m'misasa. Ena anangolowa m'midzi, mafumu nkuwapatsa poti amange ndi kamunda, amayi nkugawana nawo ufa ndi chinangwa galimoto za mabungwe zisanafike nkomwe. Anakhala nafe mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasainirana pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ena sanabwerere, anakwatira konkuno. Ngati imeneyi si ntchito yachifundo, ndiye ntchito yachifundo ndi iti? Koma funsani mwana wa Fomu 4 ku Limbuli kapena ku Luchenza ngati anawerengapo nkhani imeneyi m'chinenero chake.

Mabungwe sindikuwanyoza. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, nkupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndi kukokolola midzi ku Muloza, tinaona ndi maso athu chimene thandizo lawo limachita. Pa chakudya ndi matenti amatha. Pofika pa mtendere mpamene ndimawaona akuphonya: msonkhano ku hotela, maalawansi, matisheti, chithunzi cha pagulu, basi. Pamene mphekesera imayenda pa mjigo, pa maliro, pa kabaza ndi pa WhatsApp, ndipo imakambidwa mokoma, ndi mayina a malo amene womvera akuwadziwa. Kuti uigonjetse uyenera kubwera ndi nkhani yokoma kuiposa, yoona, yokambidwa ndi pakamwa pa munthu wa pomwepo.

Anzathu ena mu Africa anaziona kale izi. Ku Rwanda wailesi inathandiza kusonkhezera kuphana kwa mu 1994, ndipo mu 1998 gulu la alembi a mu Africa, mwa iwo Boubacar Boris Diop wa ku Senegal ndi Véronique Tadjo wa ku Côte d'Ivoire, linapita kukamvera opulumuka nkulemba mabuku. Zathuzi sizinafike pamenepo, tisakokomeze, koma njira yake ndi yomweyo. Kuno kwathu malemu Steve Chimombo anatenga Napolo, yemwe uja timamutchula phiri likagumuka ngati mmene zinachitikira ku Phalombe mu 1991, nkumusandutsa ndakatulo zokamba za ulamuliro ndi mantha. Anasonyeza kuti chikhulupiriro cha kumudzi si chochita nacho manyazi, nchoganizirapo mozama. Vuto nlakuti analemba m'Chingerezi, ndipo azakhali anga othyola tiyi sadzaziwerenga. Chichewa sichoperewera ayi, mabuku a nthano zazitali tinayamba kukhala nawo kalekale m'ma 1930.

Tsono pempho langa likupita kwa akuluakulu a Mulhako wa Alhomwe. Chaka ndi chaka mu Okutobala timasonkhana pa Chonde, tchopa nkumveka (gule amene UNESCO inamuzindikira mu 2014), kalongonda nkudyedwa, ndipo pa tebulo la gondolosi, tisanamizane, mpamene pamadzaza abambo kuposa pena paliponse. Zonsezi nzabwino. Koma bwanji osaika tenti imodzi yoti agogo amene anasunga othawa nkhondo azikamba zimene anaona, ana asukulu nkumajambula mawu pa foni ndi kulemba, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe? Wailesi za m'madera mwathu zingaulutse, magulu a zisudzo a m'matchalitchi ndi m'mizikiti angazisewere pabwalo la mfumu. Ndalama yake siifika ngakhale ya mafuta a galimoto za alendo olemekezeka. Agogowo akutha, ndipo amene anali ndi zaka 30 mu 1986 pano ndi nkhalamba.

Gawo lovuta ndi la 2017, chifukwa amene anatchinga misewu alipo, tikumwa nawo tiyi, ndipo abale a ophedwa aliponso. Amenewo ndi amene ndikufuna amveke, mbali zonse ziwiri, mayina atasinthidwa kuti wina asamangidwe kapena kubwezeredwa. Aphunzitsi a Chichewa amene mukuwerenga izi, ndani angayambe ndi kalasi yake teremu ikubwerayi? Ine ndili wokonzeka kutayipa zimene ana angalembe.