Faramir sanali wadyera, musandiuze za m'filimu

Alamu anga anandikwiyitsa dzulo, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Tikucheza za The Lord of the Rings, nkhani ya mphete yamphamvu imene imakopa mitima ya anthu, iwo n'kunena mosaphethira n'komwe kuti Faramir ndi wadyera ngati mkulu wake Boromir, ati ana a bambo mmodzi, akaona mphete malovu chuchuchu. Ndinawafunsa kuti alamu, bukulo munawerenga? Ati ayi, koma filimu ndinaionera mpaka kuiloweza, n'chimodzimodzi. N'chimodzimodzi! Munthu wamkulu, wandevu zake, kunyoza Faramir chifukwa cha zimene anaona pa sikirini.

Abale anga, Faramir wa m'buku la J.R.R. Tolkien sanaikhudze mphete ija. Sanaifune, ndipo sanapemphe ngakhale kuti angoiona. Amene munangoonera filimu mumudziwa munthu wina wobwereka dzina, Faramir weniweni simunakumane naye.

Mverani mmene zilili m'buku lachiwiri, The Two Towers, lomwe linatuluka mu 1954. Frodo, wonyamula mphete kuti akaiwononge, ndi mnzake Sam agwidwa m'nkhalango ya Ithilien ndi asilikali a ku Gondor. Awamanga nsalu kumaso, n'kupita nawo kuphanga lobisika kuseri kwa mathithi, lotchedwa Henneth Annûn. Tianthu tiwiri tating'onoting'ono, totopa, tanjala, tili pakati pa amuna onyamula malupanga ndi mauta. Mtsogoleri wawo ndi Faramir, mwana wa Denethor, wolamulira Gondor, dziko limene nkhondo yalifika pakhomo. Mkulu wake wafa kumene. Bambo ake samuwerengera. Ngati panali munthu amene akanapindula ndi mphete ija, ndi iyeyu. Ndiye Sam, atakhuta chakudya ndi vinyo, lilime linaterera, n'kuulula kuti chimene Boromir ankalimbirana ndi mphete ya mdani. Basi chinsinsi chili poyera, palibe wowapulumutsa, palibe kothawira. Faramir anangofunika kutambasula dzanja.

Sanatambasule. Anali atanena kale, asanadziwe n'komwe kuti chinthucho n'chiyani, kuti ngakhale atachipeza chitagwa m'mbali mwa msewu sangachitole, ngakhale Minas Tirith, likulu la Gondor, itakhala kuti ikugwa ndipo wopulumutsa ndi iye yekha. Atadziwa kuti n'chiyani, mawu ake sanawabweze. Kutacha anawapatsa kamba wa pa ulendo ndi ndodo zoyendera, n'kuwachenjeza za njira yoopsa ya ku Cirith Ungol, n'kuwasiya apite. Ankadziwa bwino lomwe kuti lamulo la dziko lake silimulola kumasula alendo otere, ndiponso kuti bambo ake akamukalipira. Anakamukalipiradi, mpaka kumuuza pamaso kuti bola akanafa iyeyo m'malo mwa Boromir. Ameneyo ndiye mukumutcha wadyera?

Tsono onani zimene Peter Jackson, wotsogolera mafilimuwa, anachita mu filimu ya 2002. Faramir amva za mphete, maso ayamba kuwala, ati mphete ipita ku Gondor. Awakoka Frodo ndi Sam ngati akaidi mpaka ku mzinda wa Osgiliath, kumene m'buku sanapondeko n'komwe. Asilikali ake amumenya Gollum, kacholengedwa kolondolera Frodo ndi Sam njira, iye akuyang'ana. Faramir amene m'buku anaumitsa dzanja la woponya muvi kuti Gollum asaphedwe pa dziwe loletsedwa, n'kumulankhula ngati woweruza wachilungamo, m'filimu wasanduka bwana wa zigawenga. Adzawamasula kumapeto, inde, koma atawazunza kale, ndiponso Sam atamulalikira. Munthu amene anachita chabwino mwa yekha, opanga filimu anamusandutsa wochita kukankhidwa.

Opanga filimu ati zifukwa zinalipo, ati mphete ikanaoneka yopanda mphamvu munthu akanaikana mosavuta, komanso kangaude Shelob anali atamusunthira ku filimu yachitatu ndiye pamafunika chopinga china. Zawo zimenezo. Mu filimu yoyamba yomweyo Aragorn, wankhondo wa m'gulu la Frodo, afumbatitsa dzanja la Frodo n'kuikana mphete, ndipo palibe anadandaula kuti mphamvu yake yatha. Kwa Aragorn zinatheka, kwa Faramir zalephereka pati?

Chimene chikundipweteka n'chakuti anasankha kuipitsa munthu amene Tolkien ankamukonda. Tolkien mwini wake analemba m'kalata kuti ngati pali munthu m'nkhaniyi wofanana naye, ndi Faramir. Ngakhale loto lake lobwerezabwereza la funde lalikulu lomiza dziko analipereka kwa Faramir. Tolkien anamenya nkhondo ku Somme mu 1916, anzake apamtima anafera komweko ku France, ndipo ndi Faramir amene anamuika mawu akuti sakonda lupanga chifukwa cha kuthwa kwake, kapena msilikali chifukwa cha ulemerero wake, amangokonda chimene zinthuzo zikuteteza. Munthu wowerenga mabuku, wokonda nyimbo ndi mbiri yakale, womenya nkhondo chifukwa palibe kuchitira mwina. Nkhani yonse ya ana awiri a Denethor yagona pamenepa: wina wamphamvu ndi wotamandidwa anagwa, wina wonyozeka kwa bambo ake anaima. Ukawasandutsa ofanana awiriwa, nkhaniyo waipha. Ndipo anaiphadi, umboni wake ndi alamu angawa, amene akuyenda m'tauni muno akuuza anthu kuti onse ndi amodzi.

Zili ngati kupita kumaliro a agogo ako, munthu wosawadziwa n'kuimirira kuwerenga mbiri yawo, n'kumati malemuwa ankaba mbuzi koma analapa chakumapeto, anthu n'kumagwedeza mitu. Iwe amene ukudziwa kuti sanabepo kanthu ungakhale chete?

Musandimve molakwa ngati sindikonda mafilimuwo. Mapiri a ku New Zealand ndi okongola, nyimbo zake zimagwira mtima, ndipo Sean Bean anamusewera bwino Boromir moti imfa yake imaliritsa. Filimu yachitatu inatenga mphoto za Oscar 11, sindikutsutsa. Koma mphoto 11 sizichotsa bodza. Kudula ndikumvetsa, buku ndi lalitali. Tom Bombadil, munthu wina wa m'bukumo, anamuchotsa, sindinalire. Zaka 17 zimene Frodo anakhala ndi mphete kwawo asananyamuke anazifinya kukhala ngati masabata, chabwino. Kudula n'kwina, kunamizira munthu n'kwina. Faramir sanamudule, anamunamizira.

Ndipo si iye yekha. Mu filimu ya 2003, Frodo amvera bodza la Gollum la nyenyeswa za buledi, n'kumuthamangitsa Sam kuti abwerere kwawo. Frodo kuthamangitsa Sam! M'buku mulibe zimenezo, tsamba lililonse mungatsegule. Awiriwa analowa limodzi m'phanga la Shelob, mumdima, atagwirana manja. Zikuoneka kuti opanga filimu sakhulupirira kuti munthu angakhale wokhulupirika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Aliyense ayenera kugwa kaye kuti oonera asagone. Wabwino amuthira matope dala kuti adzamusambitse pamapeto, anthu aombe m'manja.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Buku limafuna kukhala pansi, ndipo anthu safuna kukhala pansi, akufuna maola atatu a malupanga basi azitchedwa akatswiri. Onerani filimu, palibe wakuletsani. Koma mukamaliza nenani kuti ndaonera filimu ya Peter Jackson. Musanene kuti mukuidziwa nkhani ya Tolkien, ndipo musabwere kudzatsutsana ndi amene anawerenga, mawu okweza, chala m'mwamba. Simunawerenge, khalani chete pa za Faramir. Mwamuona David Wenham, wosewera filimu, atavala chovala chobiriwira, Faramir simunamuone. Ndikubwerezanso, simunamuone.

Ndipo nanji The Hobbit, pamenepo ndiye mutu umachita kundiwawa. Kabuku kamodzi ka ana ka Tolkien yemweyo, ka 1937, koti munthu amatha kuwerenga pa Loweruka ndi Lamlungu, anakakoka mpaka kukhala mafilimu atatu, 2012, 2013 ndi 2014, kuti tilipire katatu. Legolas wa mu The Lord of the Rings akudumphadumpha pa miyala yogwa pomwe m'bukumo mulibe ngakhale dzina lake. Azog, mtsogoleri wa zilombo zotchedwa ma Orc, amene Tolkien anamupha kalekale nkhaniyo isanayambe, amuukitsa kuti azithamangitsa anthu mafilimu onse atatu. Kenako anapeka mkazi wa mtundu wa ma Elf, Tauriel, n'kumupangira chibwenzi ndi Kili wa mtundu wa ma Dwarf. Chibwenzi! Bilbo, mwini nkhani, ukumachita kumufunafuna kuti kodi ali kuti mu filimu yotchedwa dzina la mtundu wake, wa ma Hobbit. Zaziii.