Kuwalako sikuchokera mkati mwa black hole

Alembi, mwati black hole (malo okoka zinthu mwamphamvu koopsa) ya pakati pa mlalang'amba ndi imene ikutulutsa X-ray. Pamenepa mwatisokoneza. Cholowa m'menemo sichitulukanso, ngakhale kuwala kumene. Chimene Chandra ndi XMM-Newton, zipangizo zoonera zakuthambo zomwe zinatumizidwa mumlengalenga mu 1999, zimaona ndi mpweya wotentha koopsa umene ukuzungulira m'mphepete usanamezedwe.

Nanga NuSTAR, chipangizo china chotere, mwaisiyiranji? Milalang'amba yambiri yotereyi pakati pake ndi pokutidwa ndi fumbi ndi mpweya wochindikala, moti X-ray wofooka sadutsa. NuSTAR, ya 2012, imagwira wamphamvu amene amaboola zonsezo. Mu 2013, pamodzi ndi XMM-Newton, inathandiza kuyeza liwiro limene black hole ya mu mlalang'amba wa NGC 1365 ikuzungulira, ndipo akatswiri anapeza kuti layandikira malire amene masamu a Einstein amalola. Imeneyo mukanaiyikamo ndithu.