Chikhristu cha pa geti

Makolo anzanga a ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Mabvuku, nyengo ija yafikanso. Zotsatira za Giredi 7 zikangotuluka, tikaweruka ku tchalitchi nkhani imakhala imodzi: mwana akayambe kuti Fomu 1? Ambiri timangoti bola sukulu yachikhristu. Sindikutsutsa ayi. Koma chikhristu chakecho mwachionera pati?

Muno mu Harare makoleji aphuka ngati bowa. Munthu wachita lendi nyumba ya zipinda zinayi, wapenta geti, walembapo vesi ndi dzina lomveka lopatulika, basi sukulu yatsegulidwa. Ana athithikana pabalaza, bolodi akhomera pamene pankakhala TV, chimbudzi n'chimodzi anyamata ndi atsikana omwe. M'mawa amapemphera mwamphamvu ndithu, mpaka oyandikana nawo kumva. Koma tafunsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku unduna wa maphunziro, tafunsani nambala ya senta ya ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso. Mwini wake ayamba kukufotokozerani masomphenya amene Mulungu anamupatsa. Mwana akadzafika Fomu 4 ndi pomwe mudzauzidwe kuti mayeso akalembera kwina, ndalama inanso, chonsecho sayansi waphunzira zaka zinayi osalowako mu labu.

Chondidabwitsa n'chakuti ena a ife a CCAP timathamangira makoleji oterewa chifukwa choopa sukulu za mipingo ina. Akuti mwana akapita kwa Akatolika adzabwerako ndi kolona. Amayi, kolona sinapwetekepo munthu. St Ignatius ku Chishawasha ili m'manja mwa ansembe a chiJesuit kuyambira 1962. Dominican Convent m'tauni muno inayamba mu 1892. St Peter's Kubatana ili pa Glen Norah pompa, mwana angathe kumayendera kombi. A Methodist ali ndi Waddilove ku Marondera, a Salvation Army ali ndi Howard ku Chiweshe, a Anglican ali ndi St Augustine's ku Penhalonga. Mwadutsamo ana a mipingo yambiri, ndipo pa holide amabwera n'kudzakhala pa benchi yomwe ija ku tchalitchi kwawo. Ine ndingalole wanga aziimba nyimbo za mpingo wina koma O Level yake ikhale yeniyeni.

Ngakhale zotchukazo, musazitengere pa mbiri yokha. Pitani pakati pa sabata, osati tsiku loonera ana pomwe paliponse pasesedwa. Lowani m'holo yodyera muone sadza ndi ndiwo zimene zili m'mbale. Tsegulani mpope wa ku bafa muone ngati mutuluka madzi, ndipo mufunse ngati ali ndi mjigo wawo. Funsani ametironi zimene amachita mwana wa Fomu 4 akalanda chakudya cha wa Fomu 1 usiku. Akakuyankhani kuti "kuno zimenezo kulibe, ndife akhristu," ine pamenepo ndiye nkhawa imandigwira. Amene amasamaladi ana amakuuzani mosabisa kuti zimachitika, n'kukufotokozerani chilango chake.

Pa eMAP, njira ya pa intaneti ya unduna yofunsira malo a Fomu 1, amalola kusankha sukulu zisanu zogonera komweko. Musadzaze zonse ndi zomwe aliyense akulimbirana, yang'anani mayuniti amene mwana wanu wapeza pa mayeso a Giredi 7 moona mtima. Ndipo ife amene agogo athu anachokera ku Malawi, onetsetsani msanga kuti satifiketi yobadwira ilipo komanso dzina linalembedwa mofanana paliponse. Zokakonza dzina mwana ali pafupi kulembetsa mayeso n'zowawa mutu.

Palinso ena amene amatumiza mwana ku mishoni kuti akamuwongolere, poti wayamba kuchedwa kulowa m'nyumba, anzake akukayikitsa. Mutoriro, mankhwala ozunguza bongo aja, suwerenga zolembedwa pa geti, abambo. Mwana amene simulankhula naye kunyumba, ahedi amene ali ndi ana mazanamazana sangamudziwe kuposa inu. Khalani naye pansi, mumufunse ngati iyeyo akufuna zogonera komweko. Ena amakula bwino atapita, ena amangolira temu yonse, magiredi n'kutsika.

Inu amene ana anu ali kale ku sukulu zimenezi, tiuzeni zonse zimene munalipira temu yoyamba: fizi, levi, yunifomu, thiranki, matiresi, ndi zogula za mwezi ndi mwezi. Za kwaya yawo mutiuza pambuyo.