Dzina la Ireland lili pakhomo, koma m'mbale mulibe

Ndakwiya kwambiri ndi zimene ndinaona Loweruka madzulo kuno ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, pamalo ena odyera ndi omwera amene amadzitcha kuti ndi a chikhalidwe cha ku Ireland. Ndinapitako ndi mlamu wanga amene amakhala ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, ndili ndi chikhulupiriro chakuti akadya chakudya chimene anachizolowera. Pakhomo pakupiza mbendera ya dziko la Ireland, makoma onse adzaza zithunzi za Guinness, mowa wakuda uja umene kampani yake inayamba ku Dublin m'chaka cha 1759, ndipo ngakhale ogwira ntchito avala zobiriwira. Koma titatsegula menyu tinangopezamo mabaga, tacos (chakudya cha ku Mexico) ndi mapiko a nkhuku a tsabola aja anayambira ku Buffalo, ku New York.

Nditafunsa za Irish stew, nyama ya nkhosa yophika pamodzi ndi mbatatesi ndi anyezi, woperekera zakudya anati samaphika. Nditatchula colcannon, mbatatesi zopota zosakaniza ndi kabichi, anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti sanamvepo. Ngakhale buledi wa soda, amene safuna n'komwe yisiti kuti aphikidwe, panalibe.

Kumeneku n'kunamiza anthu, ndipo palibe dzina lina loyenera. Ngati mwasankha kuphika chakudya cha ku America, phikani, n'chokoma ndithu, koma tsitsani mbendera ya eni akeyo. Simungakokere anthu pakhomo ndi dzina la dziko lina, kenako n'kuwaikira patsogolo chakudya chimene akanachipeza pa sitolo iliyonse ya m'mbali mwa msewu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena anena kuti mabaga ndiwo amayenda malonda, koma limenelo ndi vuto la mwini malo, si la ine wodya. Anthu a ku Ireland anafika kuno ambirimbiri pothawa njala imene inayamba mu 1845, ndipo n'zopweteka kuona dziko lawo likusandutsidwa utoto wopaka pakhoma, kukhitchini osalikumbukira n'komwe.

Chinanso chimene chinandiwawa n'chakuti, pambuyo pa zonsezi, makina olipirira anandionetsa tipu, ndalama yapamwamba yothokozera woperekera zakudya, yoyambira pa 20 peresenti, woperekera zakudyayo ataima pambali panga kuyang'ana chala changa kuti chidina pati.