Phunziro la mpweya likukhudza chipinda chimene tikugonamo

Maganizo anga ndi akuti pa mitu yonse ya kemistri imene ana amaphunzira ku sekondale, mutu wa mipweya ndi umene ife Amalawi okhala kuno ku Johannesburg tiyenera kuudziwa ngakhale tilibe mayeso oti tilembe, chifukwa ambirife timagona chipinda chimodzi ndi silinda ya gasi, ndipo Juni akafika ena amalowetsamonso mbaula.

Mpweya sukhazikika pamodzi. Tinthu ting'onoting'ono timene timaupanga timathamanga mosalekeza mpaka titadzaza malo onse amene tapeza, ndipo tikatenthedwa timamenya makoma a chotengera chake mwamphamvu kuposa kale. Gasi wophikira amakhala wamadzimadzi m'silinda, ndipo odzaza amalekeza pa 80 peresenti kuti apeze malo ofufumira kukatentha. Choncho silinda siyenera kukhala padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kulemera kwake. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, motero akamadontha sakwera kudenga ayi, amatsikira pansi n'kulowa kunsi kwa bedi ndi m'makona, pomwe ana athu amayala matiresi awo. Kutsegula kawindo ka pamwamba kokha sikukwanira. Pamafunika kutseka silinda, kutsegula chitseko, kutulutsa ana, osayatsa machesi ngakhale kukhudza switchi ya magetsi. Fungo loipa lija amachita kuthiramo dala kuti litichenjeze, pakuti gasiyo payekha sanunkha. Tonse tikukumbukira galimoto yonyamula gasi imene inakanirira pansi pa mlatho ku Boksburg, kum'mawa kwa Johannesburg, pa 24 Disembala 2022, n'kuphulika ndi kupha anthu 41.

Mbaula ndiye sichenjeza n'komwe. Makala akamayaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndiponso wosaoneka, umene umakanirira m'magazi mwamphamvu yoposa ka 200 poyerekeza ndi okosijeni, mpweya umene thupi limafuna kuti tikhale ndi moyo. Mzinda wa Johannesburg uno uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuposa nyanja yamchere, ndiye mpweya wake ndi wopepuka kale. Ndi chifukwa chakenso madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100, ndipo nyemba zimachedwa kupsa kusiyana ndi ku Durban, mzinda wa m'mbali mwa nyanja. Kupuma kulikonse kumatipatsa okosijeni wochepa, kenako ife eni timatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi chisanza kuti mphepo isalowe. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi kufooka, koma amene ali mtulo sazimva zimenezi.

Ndikupempha abale amene mukutsogolera mipingo ndi magulu othandizana pa maliro kuno kuti nkhani imeneyi muziikamba pamisonkhano yanu nyengo yozizira isanafike, makamaka kwa anzathu amene angofika kumene kuchokera kumudzi, ndipo muziwauza momveka bwino kuti mbaula izituluka panja anthu asanagone.