Tsiku lobwerera nduna musamalilengeze

Ine ndiye ndimadabwa ndi anthu oti akangomva kuti nduna yoona za maubale ndi mayiko ena yasintha tsiku la ulendo kapena yachedwa kubwerera, basi ayamba kulalata, ati kusakonzeka, ati kudya misonkho. Abale, ulendo wa munthu yemwe ali mkati mwa zokambirana sukonzedwa ngati wa ku ukwati ayi.

Takumbukani za John Kerry, yemwe anali nduna yoona za maubale ndi mayiko ena ya America, mu 2015, pa zokambirana za pakati pa Iran ndi mayiko akuluakulu pa nkhani ya nyukiliya. Anagwirizana kuti pofika pa 30 June zonse zikhale zitatha. Mkuluyu anali atathyoka mwendo pa njinga ku France kumapeto kwa May, ku Vienna, komwe kunali zokambiranazo, anafika akuyendera ndodo. 30 June inakwana, zii. Anasunthira pa 7 July, kenako pa 10, kenako pa 13, mpaka mgwirizano kudzatuluka pa 14 July. Masabata oposa awiri ali mumzinda umodzi, nduna zinzake zikupita kwawo n'kumabweranso, iye osasuntha, tsiku ndi tsiku kulimbana ndi Zarif, nduna inzake ya ku Iran, ku hotelo ya Palais Coburg. Ndiye tangoganizani akananena kuti anthuni ndege yanga ndi ya Lachinayi.

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Ukalengeza tsiku lonyamuka wawapatsa anzakowo chida, amangokhala phee kudikira Lachitatu usiku, akudziwa kuti sukufuna kukatsika ndege kwanu chimanjamanja atolankhani ali mbwee, ndiye uvomera zomwe m'mawa umakana. Henry Kissinger, nduna ya America ya nthawi imeneyo, mu 1974 anatha pafupifupi mwezi akungozungulira pakati pa Jerusalem ndi Damascus, Israel ndi Syria asanasaine mgwirizano wotalikitsana asilikali awo pa 31 May.

Amene ndimawamvera chisoni ndi okonza pulogalamu. Munthu ali pa kolido mafoni awiri m'manja, uku akupempha hotelo iwonjezere usiku wina, uku chilolezo choti ndege idutse mumlengalenga mwa dziko lina chikutha, oyendetsa ndege nawo ali ndi maola awo opumira omwe sungawadumphe, kwinaku dziko lomwe bwana amayenera kupitako mawa lakonza kale ndi chakudya chamadzulo chomwe. Koma zimenezo ndi zofunika kupirira basi.

Ngakhale kulephereka kwa ulendo ndi uthenga. Antony Blinken, ali nduna ya America, anaimitsa ulendo wake wa ku Beijing mu February 2023 chifukwa cha chibaluni cha China chomwe chinaoneka mumlengalenga mwa America, anadzapita mu June.

Sindikuikira kumbuyo aliyense wokwera ndege, alipo ongokajambulitsa n'kutolera ma alawansi. Komanso kuthamangira kupita akadaulo asanamalize mbali yawo ndi kulakwa, nduna izifika patangotsala mfundo ziwiri zitatu zoti wamng'ono sangazigamule. Koma ikafika pamenepo, olo itakhalako masabata atatu ine sindingaifunse kuti mubwera liti.