"Chinali chifuniro cha Mulungu" asamanene ndi amene anakulakwira

Mawu akuti "zisiyeni, chinali chifuniro cha Mulungu" ayamba kundiwawa m'makutu. Sindikukana kuti Mulungu amalamulira zonse, ayi. Chondivuta n'chakuti kawirikawiri amawanena ndi munthu amene sayenera kuwanena.

Bambo wamwalira, anthu asanabalalike n'komwe pasiwa abale ayamba kale kuwerenga mbuzi ndi malata. Mayi wabwerera kwawo ndi ana, katundu wake wathera m'chitenje chimodzi. Wakazinga mandasi zaka ndi zaka, ana aphunzira, wamanga yake nyumba. Ndiye mlamu uja akutulukira akumwetulira: "Mwaonatu alamu, Mulungu anali ndi cholinga." Abale anga, kulanda chuma cha amasiye ndi mlandu ngakhale m'malamulo a dziko lino, lamulo la 2011 linaletsa. Nanga kwa Mulungu kungasanduke bwanji utumiki?

Anthu oterewa amathamangira nkhani ya Yosefe, koma amaiwerenga modumphadumpha. Yosefe anagulitsidwa kwa Aismayeli ndi ndalama zasiliva 20 ali mnyamata wa zaka 17. Anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, atalawa ukapolo kwa Potifara ndi ndende ya mlandu wom'semera. Pamene ankadziulula kwa abale ake n'kuti patapita zaka 22. Mawu otchuka aja a pa Genesis 50:20 anawanena patadutsanso zaka zina 17, Yakobo atamwalira. Ndipo amene anawanena ndi wogulitsidwayo, ogulitsa aja atagwada akunjenjemera. Sanawapake mafuta pamilomo. Anayamba wawauza kuti iwo anam'konzera zoipa, kenaka n'kunena kuti Mulungu anakonza kuti zikhale zabwino, anthu ambiri apulumuke ku njala.

Chinanso chimene sitikonda kuchimva m'maulaliki n'chakuti Yosefe sanangowakumbatira tsiku loyamba. Anatsekera Simeoni. Anabisitsa chikho chake chasiliva m'thumba la Benjamini kuti aone ngati anthu aja angatayenso mng'ono wawo wina. Anadziulula Yuda atadzipereka kukhala kapolo m'malo mwa mwanayo, Yuda yemwe uja anabweretsa nzeru yom'gulitsa. Ine pamenepa ndimaonapo chilolezo choti wolakwiridwa ayambe waona ngati munthu wasinthadi.

Ena amafunsa kuti, kodi Yudasi sanathandize chipulumutso? Akanapanda kupereka Yesu, mtanda ukanachoka kuti? Funsoli si lachibwana. Koma Yesu mwini, pa Luka 22:22, anaika zinthu ziwiri pamodzi osachotsapo chimodzi: Mwana wa Munthu akupita monga kunakonzedweratu, koma tsoka kwa munthu wom'perekayo. Petro naye pa Pentekoste, pa Machitidwe 2:23, ananena kuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu wa Mulungu, pomwepo n'kuwaloza chala omvera ake kuti munamupha ndinu. Yudasi sanapite kwa akulu a ansembe kukakwaniritsa ulosi. Anapita kukafunsa kuti mundipatsa chiyani, iwo n'kumuwerengera ndalama zasiliva 30. Yohane akutiuzanso kuti mkuluyu ankasolola kale m'thumba la gulu, poti msungichuma anali iyeyo. Dzanja linazolowera pang'onopang'ono.

Ndiye ine ndikuona chonchi: Mulungu amatha kutenga choipa chimene munthu wachita mwa kufuna kwake n'kuchikhotetsera ku zabwino, koma satuma munthu kukachimwa. Yakobo 1:13 akunenetsa kuti Mulungu sayesa munthu ndi zoipa. Kuti ziwirizi zimalumikizana bwanji, akuluakulu a zaumulungu akhala akutsutsana kuyambira kalekale, ndipo sitimaliza ife pa Facebook pano.

Tizisamalanso polonjeza ovutika kuti onse adzathera pampando ngati Yosefe. Uriya ananyamula yekha kalata ya imfa yake kuchokera kwa Davide kupita kwa Yowabu, n'kukafera kunkhondo ku Raba osadziwa kanthu. Zoona, mwa mkazi wake munabadwa Solomoni, ndipo mzere umenewo ndi umene unafika kwa Yesu. Koma Natani anapitabe kukam'dzudzula Davide pamaso, ndipo Mateyu polemba mibadwo ya Yesu sanatchule mayiyo dzina lake. Analemba kuti anali mkazi wa Uriya.